Shuga wa pamsonkhano ndi lonjezo la m'manifesito: lamulo likuti chiyani?

Munthu wopikisana nawo pachisankho akakupatsani paketi ya shuga, sopo kapena K5,000 kuti mukamuvotere, wapalamula mlandu. Lamulo la zipani zandale la 2018 likuti angathe kulipitsidwa chindapusa cha K10 miliyoni komanso kukakhala kundende zaka zisanu. Koma munthu yemweyo akakwera pansanja n'kulonjeza kuti akalowa m'boma mwana aliyense wobadwa m'dziko muno azimutsegulira akaunti ya K500,000, kapena kuti dera la phungu aliyense lizilandira K5 biliyoni pachaka, palibe lamulo lomwe waphwanya. Malonjezo awiriwa tidawamvadi pakampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, loyambalo kuchokera ku MCP, lachiwirilo ku DPP. Shuga uja wandaleyo amagula ndi ndalama zake kapena za omuthandiza. Lonjezo la pansanja, ngati lidzakwaniritsidwe, wodzalipira ndinu.

N'chifukwa chake mzika iyenera kuzisiyanitsa zinthu ziwirizi, poti chilichonse chili ndi njira yake yothana nacho. Shuga ali ndi kokadandaula. Lonjezo lilibe, ndipo ndilo limadya ndalama zambiri.

Zomwe lamulo lidaletsa

Lamulo la zipani zandale lidayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2018. Ndime 41 yake ikuletsa chipani, wopikisana nawo, ngakhalenso munthu amene akungoganiza zodzaimira, kupereka zomwe aliyense masiku ano amangoti mahandauti: ndalama, katundu kapena mphatso zopatsa munthu pomunyengerera kuti avotere wakutiwakuti. Chiletsochi si cha masiku 60 a kampeni okha ayi. Ndi cha nthawi iliyonse. Munthu amene wayamba kugawa matumba a ufa kudakali zaka ziwiri kuti chisankho chichitike, uku akunong'oneza kuti "mudzandikumbukire", ndimeyi ikumukhudza.

Pali zina zomwe lamulolo lidalola. Zovala ndi zipangizo zokopera anthu monga nsalu zachipani, malaya ndi zipewa sizili m'gulu la mahandauti. Chakudya ndi ndalama yoyendera ya anthu obwera kumsonkhano wa chipani nazonso zidaloledwa, chimodzimodzi chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti ngati sichikulengezedwa. Apa ndiye pali mpata womwe andale amathawirapo. Amene adakhalako kumsonkhano wandale akudziwa momwe zimathera: mlendo wolemekezeka akangokwera galimoto, anthu sabalalika. Amakhala m'magulumagulu pansi pa mitengo, mudzi uno apa, mudzi winawo apo, gulu la amayi ovina pambali pake, ndipo tcheyamani wa dera amabwera ndi envulopu n'kuyamba kuwerenga mitu. Ndalamayo amaitchula kuti thiransipoti, ngakhale theka la olandirawo abwera wapansi kuchokera kuseri kwa sukulu komweko. Kaya imeneyo ndi ndalama yoyendera kapena yogulira voti, woweruza ndiye angagamule, koma mlandu sungafike kwa iye popanda wina woutengerako.

Kwa zaka zoposa zisanu lamuloli lidali longokhala papepala, chifukwa ofesi ya mlembi wa zipani zandale, yomwe idayenera kulilondoloza, idalibe mwini wake weniweni. Dr Kizito Tenthani adasankhidwa paudindowu mu 2024. Tsopano kokatula dandaulo kulipo: kuofesi imeneyi, kupolisi, kapena kubungwe loyendetsa chisankho la MEC nthawi ya kampeni. Dandaulo lomveka ndi lomwe likutchula tsiku, malo, amene amagawa, chomwe amagawa, ndiponso mawu omwe amanena pogawapo. Mawuwo ndiwo mtima wa mlandu, chifukwa chomwe chimasandutsa mphatso kukhala handauti ndi kunyengerera voti. Chithunzi kapena kanema wa pafoni amathandiza, bola musaike moyo wanu pachiswe pojambula.

Palinso kachitidwe kena komwe kamayendera limodzi ndi kugawaku. Anthu amabwera m'mudzi n'kumalemba manambala a ziphaso zovotera kapena zitupa za umzika, amati n'cholinga choti mudzalandire ngongole kapena feteleza. Ena amatenga chiphasocho n'kupita nacho. Kugula kapena kulanda chiphaso chovotera cha munthu ndi mlandu. Ndipo nambala yanu ikalembedwa m'kope la wina, sizitanthauza kuti adzadziwa amene mwamuvotera. Ndime 40 ya malamulo oyendetsera dziko lino ikuti voti ndi yachinsinsi. Papepala lovotera palibe dzina lanu. Amene adakupatsani nsalu, kaya ufa, alibe ngongole yoti mumubweze m'kachipinda kovotera.

Lonjezo si mlandu, komanso si pangano

Ena amafunsa kuti bwanji lamulo silidangoletseratu malonjezo a zaulere. Yankho n'lakuti kulonjeza ndiyo ndale imene. Ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko ikupereka ufulu wolankhula, ndipo ndime 40 ikupereka ufulu wokopa anthu kuti atsate chipani kapena mfundo zina. Chipani chonena kuti chidzachotsa fizi kusekondale chikufotokoza momwe chidzagwiritsire ntchito chuma cha boma, ndipo mzika ili ndi ufulu womva zimenezo n'kusankha. Handauti amapita m'manja mwa munthu mmodzi posinthana ndi voti yake. Lonjezo la m'manifesito limanenedwa poyera kwa onse, ndipo likakwaniritsidwa limapindulira ngakhale amene sadavotere chipanicho.

Ku India nkhani imeneyi idafika mpaka kukhothi lalikulu kwambiri. M'chigawo cha Tamil Nadu chipani cha DMK chidalonjeza mu 2006 kuti chidzagawa ma TV aulere kumabanja omwe alibe, ndipo chitapambana chidagawadi ndi ndalama za boma. Loya wina, Subramaniam Balaji, adakasuma ponena kuti kumeneko n'kugula mavoti. Mu 2013 khothilo lidagamula kuti lonjezo la m'manifesito si chiphuphu malinga ndi lamulo lawo la zisankho, ngakhale oweruzawo adavomereza kuti zaulere zotere zimasokoneza chilungamo cha chisankho. Adalamula bungwe lawo la zisankho kuti likonze malangizo, ndipo kuchokera pamenepo zipani kumeneko zimayembekezeka kufotokoza komwe zidzapeze ndalama zokwaniritsira malonjezo. Kuno kwathu lamulo lotere kulibe. Chipani chingathe kusindikiza buku la masamba 100 lodzaza ndi zabwino zokhazokha osalembamo mtengo wa chinthu n'chimodzi chomwe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yowawa. Popeza lonjezo si pangano, simungasumire chipani kukhothi chifukwa chosakwaniritsa. Mgwirizano wa Tonse udalonjeza mu 2020 ntchito 1 miliyoni m'chaka choyamba, kudya katatu patsiku, ndi pasipoti ya K14,000. Pasipotiyo idakhalabe pa K90,000 mpaka 2024 pomwe idatsika kufika pa K50,000. Palibe amene akadapita kuofesi yoona zolowa ndi kutuluka ndi K14,000 m'manja n'kunena kuti ndabwera kudzatenga zomwe mudalonjeza. Phungu naye simungamuchotse pakati panjira. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ndi ndime 64 yopatsa anthu mphamvu zoitanitsa phungu wawo n'kumuchotsa, koma aphungu adaifafaniza mu 1995, isadagwirepo ntchito n'kamodzi komwe. Chilango chokha chomwe chidatsala m'manja mwa wovota ndi cha pachisankho chotsatira, ndipo Amalawi amachigwiritsa ntchito: aphungu ambiri sabwerera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo atsogoleri olamula adagwapo mu 2014, 2020 ndi 2025.

Lonjezo limasanduka ufulu pokhapokha likalowa m'lamulo. Maphunziro aulere a pulayimale adayamba ngati lonjezo la UDF pachisankho cha 1994, koma lero ali m'lamulo la maphunziro la 2013, lomwe likuti sukulu ya pulayimale ya boma ndi yaulere ndipo mwana aliyense ayenera kupitako. Mwana akabwezedwa chifukwa cha ndalama, kholo liri ndi poyambira. Feteleza wotsika mtengo alibe lamulo lotero. Amadalira bajeti ya chaka chimenecho, n'chifukwa chake dzina lanu lingathe kupezeka chaka chino n'kusowa chaka chamawa popanda wokufotokozerani.

Ndalamazo zimachokera kuti?

Mtsogoleri wa dziko alibe mphamvu zongotapa ndalama za boma chifukwa adalonjeza. Malamulo oyendetsera dziko akuti ndalama zonse za boma zimalowa m'thumba limodzi lalikulu, ndipo sizingatulukemo popanda chilolezo cha lamulo, makamaka bajeti yovomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Msonkho nawo sungakhazikitsidwe popanda lamulo. Choncho lonjezo lililonse liyenera kudutsa m'bajeti, komwe limakapikisana ndi mankhwala a m'zipatala, malipiro a aphunzitsi, misewu ndi ngongole zakale.

Thumbalo limadzazidwa m'njira zitatu. Yoyamba ndi misonkho, ndipo musaganize kuti msonkho amakhoma ndi apantchito okha. Mayi wogulitsa tomato ku Lizulu akagula mayunitsi a foni, akakwera minibasi yomwe yamwa mafuta okhomeredwa msonkho, akagula malata kapena chitenje m'sitolo, wakhoma kale. Yachiwiri ndi thandizo la mayiko ndi mabungwe akunja, lomwe lidachepa kwambiri pothandizira bajeti mwachindunji kuchokera pomwe kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate kudaululika mu 2013. Yachitatu ndi ngongole. Boma likabwereka kwambiri m'mabanki a m'dziko momwemuno, chiwongoladzanja chimakwera, wabizinesi wamng'ono amalephera kubwereka, ndipo mitengo ya zinthu imathamanga. Bajeti ya 2025/26 idali ya ndalama pafupifupi K8 thiriliyoni, ndipo zoposa K2 thiriliyoni mwa zimenezo zidali zongolipirira chiwongoladzanja cha ngongole. Lonjezo losanena komwe ndalama zidzachokere lili ngati munthu amene wakatenga katapila m'dzina lanu n'kukugulirani mphatso: mumavina tsiku lolandira, mwini ndalama n'kudzagogoda pakhomo panu pakutha pa mwezi.

Tiyeni tiwerengere limodzi lonjezo la K5 biliyoni lija. Madera a aphungu alipo 229. Kuchulukitsa kwake kukupereka K1.145 thiriliyoni pachaka, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a bajeti ya K8 thiriliyoni ija. Izi sizikutanthauza kuti lonjezolo n'loipa. Pali anthu anzeru omwe amati ndalama zachitukuko n'kwabwino zizipita kumadera kusiyana n'kuti zizithera ku Capital Hill. Koma ndalama zochuluka choncho sizigwa kumwamba: mwina zichotsedwe ku maunduna, mwina misonkho ikwere, mwina ngongole ikule. Wovota adayenera kuuzidwa kuti mwa zitatuzi chidzachitike n'chiti. Masamu omwewa akadagwiranso pa akaunti ya K500,000 ya mwana aliyense, m'dziko lomwe ana obadwa pachaka amaposa theka la miliyoni.

Phunziro la feteleza

Palibe lonjezo lomwe lasuntha mavoti m'Malawi muno kuposa la feteleza, ndipo palibenso lina lomwe likuonetsa bwino ubwino ndi kuopsa kwa malonjezo otere. Bingu wa Mutharika adayambitsa pulogalamu ya makuponi mu 2005, dziko lili m'chaka cha njala. Mvula itagwa bwino chimanga chidachuluka, ndipo mabanja ambiri omwe ankagona ndi njala adakolola zokwanira. Amene amanena kuti zonsezi zidali zongotaya ndalama sadaone nkhokwe za zaka zimenezo. Koma mtengo wa feteleza utakwera padziko lonse mu 2008, pulogalamuyo idameza pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko m'chaka cha 2008/09, chomwenso chidali chaka choyandikira chisankho. Bingu adapambana mu 2009 ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo andale onse adatolapo phunziro loti feteleza sakhudzidwa.

Mu 2020 mgwirizano wa Tonse udakweza lonjezolo: thumba la makilogalamu 50 pa K4,495, osati kwa osankhidwa ochepa koma kwa alimi ang'onoang'ono onse. Chaka choyamba adakwaniritsadi mbali yaikulu. Pulogalamu ya fetelezayo, ya AIP, idapatsidwa ndalama pafupifupi K160 biliyoni ndipo mabanja oposa 3.5 miliyoni adalembedwa. Vuto n'lakuti feteleza timagula kunja ndi madola, pomwe lonjezo lidanenedwa m'makwacha. Mtengo utakwera pamsika wa dziko lonse, nkhondo ya Russia ndi Ukraine n'kuwonjezerapo mu 2022, kwacha nayo n'kugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamu aja adasokonekera. Mlimi adayamba kulipira K7,500, kenako K15,000. Opindula adatsika kufika pa 2.5 miliyoni, kenako 1.5 miliyoni, mpaka cha m'ma 1.1 miliyoni. Thumba lomwelo m'sitolo lidadutsa K100,000, kutanthauza kuti mlimi amene dzina lake lidachotsedwa adatsala pamavuto oposa omwe adali nawo lonjezo lisadabwere.

Amene adapitako kudepoti nthawi ya AIP adaziona ndi maso. Anthu amafika usiku ndi mphasa, kumanga mzere ndi miyala kapena nsapato kuti malo asalandidwe. Kukacha amauzidwa kuti netiweki palibe, makina owerenga chitupa sakugwira. Tsiku lina netiweki ilipo koma kwabwera feteleza wobereketsa yekha, wokulitsa kulibe, pomwe chimanga kumunda chafika kale m'mawondo. Pambali pa mpanda pamakhala mavenda ndi ndalama m'manja, kudikira mayi amene watopa ndipo kunyumba kulibe ufa kuti awagulitse mwayi wakewo. Zonsezi sizimatchulidwa pansanja, koma ndi mbali ya mtengo wa lonjezo. Pulogalamu yothamangitsidwa ndi ndale imatsegulanso makomo a kuba ndi kusasamala: mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zidalipidwa ku kampani ina ya ku Britain yomwe sidabweretse feteleza, ndipo nduna ya zaulimi idachotsedwa paudindo chaka chomwecho.

Kuona kwanga n'kwakuti cholakwika chachikulu sichidali kuthandiza mlimi. Chidali kulonjeza mtengo wokhazikika pa chinthu chomwe mtengo wake sitiulamulira, komanso kusawauza anthu zomwe zidzasiyidwe kuti fetelezayo agulidwe. Zaka zonsezi ndalama zambiri za unduna wa zaulimi zakhala zikuthera ku feteleza, pomwe ulimi wothirira, alangizi ndi kafukufuku wa mbewu zikulandira zotsalira. Mudzi ungathe kulandira matumba awiri pabanja chaka ndi chaka koma osamuona mlangizi.

Monga za feteleza, za sukulu yaulere ya 1994 nazonso n'zodziwika. Ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, boma lidalemba mwachangu aphunzitsi cha m'ma 20,000 omwe adali asadaphunzire ntchitoyo, ndipo makalasi ambiri adakhala pansi pa mitengo. Komabe pali madokotala ndi maloya lero omwe sakadaponda m'kalasi pakadapanda lonjezo limenelo. Anzathu a ku Zambia adachita zofanana mu Januwale 2022 pomwe boma la Hakainde Hichilema lidachotsa fizi mpaka Giredi 12, koma chaka chomwecho lidalembanso aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ngakhale zidatero makalasi adadzaza mpaka ana kusowa pokhala. Boma la Peter Mutharika litalengeza kuti sekondale ya boma ikhala yaulere kuyambira Januwale 2026, funso loyenera kwa kholo lidali lakuti kodi ndalama zomwe sukulu inkapeza kuchokera ku fizi, zogulira choko, mabuku ndi kulipirira madzi, zizifika kusukuluko mwezi uti komanso zingati pa mwana aliyense.

Zogawa za boma chisankho chikayandikira

Pali mtundu wachitatu womwe uli pakati pa handauti ndi lonjezo, ndipo ndi umene umasokoneza anthu kwambiri. Uku ndi kugawa zinthu za boma ngati kuti ndi mphatso ya chipani cholamula. Chimanga cha thandizo nthawi ya njala, Mtukula Pakhomo, ngongole zochokera ku boma, malata ndi simenti zotsika mtengo, zonsezi zimagulidwa ndi ndalama za dziko kapena za othandiza dziko. Zipani zonse zomwe zalamulapo zachitapo mchitidwe wokagawa zinthu zotere pamsonkhano wodzaza ndi nsalu zachipani, wolandira aliyense n'kumauzidwa woti amuthokoze.

Ndime 12 ya malamulo oyendetsera dziko ikuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo olamula amangozisunga mokhulupiriridwa. Ndime 193 ikuletsa boma kapena chipani kugwiritsa ntchito wogwira ntchito m'boma, ndalama kapena katundu wa boma pokweza kapena kugwetsa chipani china. Tsono ngati mwachotsedwa pamndandanda wa chimanga chifukwa mudaoneka kumsonkhano wa otsutsa, kapena mwauzidwa kuti ngongole ndi ya okhawo ovala mtundu wakuti, ufulu wanu waphwanyidwa, pakuti ndime 20 ikuletsa tsankho lotengera maganizo a ndale. Dandaulo lotere limapita kwa Ombudsman kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, ndipo kudandaulako n'kwaulere. Ngati pali kuba kapena chiphuphu, limapita ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Mfumu nayo siyenera kuopseza anthu ake kuti iwalanda munda kapena kuwachotsa m'kaundula chifukwa cha voti.

Ifenso ovota tili ndi mbali yathu pamenepa, ndipo tisabisale. Wofuna uphungu akabwera chimanjamanja kudzakamba za malamulo ndi kulondoloza bajeti, timati ndi woumira. Timafuna agule bokosi pamaliro, apereke galimoto yonyamula odwala, alipire fizi, asiye "kangachepe" kwa anyamata. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kutiyankhulira ku Nyumba ya Malamulo ndi kuyang'anira momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Amene wawononga mamiliyoni ambirimbiri kuti apambane amalowa m'nyumbamo ali ndi ngongole, ndipo amene adamukongoza amadzafuna makontirakiti. Lamulo la 2018 lija lidayesa kuunikira kumeneku polamula zipani kuulula kwa mlembi wa zipani thandizo lililonse loyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku kampani kapena bungwe. Mzika ili ndi ufulu wofunsa kuofesi imeneyo kuti zipani zidaulula zotani.

Mafunso oyenera kupita nawo kumsonkhano

Popeza khothi silingakuthandizeni pa lonjezo, nthawi yolipima ndi chisankho chisadachitike. Pamisonkhano ya mtsutso yomwe mabungwe monga NICE amakonza m'madera, kapena pamapulogalamu a wailesi oimba foni, funso loyamba ndi la mtengo: chinthuchi chidzadya ndalama zingati pachaka, ndipo adzapindule ndi anthu angati? Woyankha kuti "ndalama zilipo, zimangobedwa" wanena zoona pang'ono, koma sadayankhe. Mufunseni kuti ndi ndalama zingati zomwe adzapulumutse, kuchokera ku unduna uti, ndipo zikapanda kukwana adzadula chiyani. Mufunsenso ngati chinthucho chimagulidwa kunja, chifukwa feteleza, mafuta, mankhwala ndi mathirakitala zimafuna madola omwe dziko lino limasowa kawirikawiri. Ndipo muone ngati udindo womwe akufunawo uli ndi mphamvu yochitira zomwe akunenazo. Khansala sangatsitse mtengo wa feteleza, ndipo phungu mmodzi sangamange msewu wa tala ndi mawu ake okha.

Mayiko ena adapeza njira yoti mafunsowa asamasiyidwe kwa wovota yekha. Ku Netherlands, kuyambira 1986, zipani zambiri zimapereka mamanifesito awo ku bungwe la akatswiri a zachuma la CPB kuti liwerengere mtengo wake n'kuulengeza anthu asadavote. Ku Australia ofesi ya zachuma ya nyumba ya malamulo, yomwe idakhazikitsidwa mu 2012, imawerengera mtengo wa malonjezo a zipani. Palibe choletsa Amalawi kupempha aphungu awo kuti lamulo la zipani liwonjezeredwe ndime yotere chisankho cha 2030 chisadafike, ngakhale tikudziwa kuti opanga lamulolo ndi omwewo amene lidzawamange.

Chisankho chikatha, sungani manifesito ya opambana, kaya ndi buku, kaya ndi pafoni. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti imakambidwa ku Nyumba ya Malamulo miyezi yoyambirira ya chaka. Isadafike kumeneko, unduna wa zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu m'mizinda ikuluikulu. Lonjezo lomwe silikuoneka m'bajeti ndiye kuti chaka chimenecho kulibe, ngakhale nduna italankhula mokoma bwanji. Lomwe lalowa m'bajeti liyenera kulondoledwa mpaka kukhonsolo, kudzera m'makomiti achitukuko a VDC ndi ADC, chifukwa ndalama yovomerezedwa ku Lilongwe ndi yomwe yafikadi kuboma lanu sizifanana nthawi zonse.

Chida champhamvu pantchito imeneyi ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020 potsatira ndime 37 ya malamulo oyendetsera dziko. Mungathe kulembera ofesi ya DC kufunsa kuti thumba lachitukuko la CDF la dera lanu lalandira ndalama zingati, zagwira ntchito yanji, ndipo kontirakiti ya mlatho kapena chipinda chophunziriramo idapatsidwa kwa yani pamtengo wanji. Mungafunse kuofesi ya zaulimi chiwerengero cha opindula ndi feteleza m'dera lanu chaka chino poyerekeza ndi chatha. Wosadziwa kulemba angathe kupempha pakamwa, ndipo wogwira ntchito pamalopo ayenera kumulembera. Ofesiyo ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Sungani kope la kalata yanu lodindidwa tsiku lomwe yalandiridwa, pakuti akakana kapena kungokhala chete, kope limenelo ndilo mudzapite nalo ku MHRC, yomwe lamulo lidaipatsa udindo woyang'anira nkhani zimenezi.